Dzino la Emi Lasowa Kolowera

Usiku wathawu ndinalota, amayi anzanga, ndipo wina asaseke ndisanamalize. Namaseko, sendera kuno, choka m'mbali mwa msewumo, magalimoto a makolo a pasukulu pano saona munthu. Iwenso Nachisale, foniyo ika m'chikwama. Tsiku lina udzagwera nayo m'ngalande, ine ndanena.

Kuti malotowa muwamve bwino ndiyambe ndi zadzulo masana. Mukumudziwa Emi, kamwana kamene ndimalera kaja, kazaka zisanu, kamene kangolowa m'kalasi pompano. Bambo ake, a Henriki, kwawo ndi ku Swideni. Mayi ake, a Fumiko, kwawo ndi ku Japani. Nyumba ija ili ndi lamulo lake: bambo amalankhula ndi mwana Chiswidishi chokhachokha, mayi Chijapani chokhachokha, awiriwo pawokha Chingerezi, kenako ndimabwera ine ndi Chichewa changa cha ku Ntcheu. Mwana akatembenukira kumanja pakamwa patuluka china, akatembenukira kumanzere patuluka chinanso. Ndinawachenjeza kalekale kuti kakamwa kakang'ono chotere musamakapakire ngati matola, koma ndani amamvera Nagama?

Ndiye dzulo akudya buledi wa kwa bambo ake, wouma gwa ngati khungwa, amene ndinaletsanso kale, dzino lakutsogolo lam'munsi linaguluka. Loyamba lenileni. A Henriki anathamangira tambula ya madzi, ati kwawo dzino amaliika m'madzi pawindo, kukacha lasanduka kandalama. A Fumiko anatsegula chitseko, ati kwawo dzino lam'munsi amaliponya padenga kuti latsopano limere lolunjika kumwamba. Sanakangane ayi. Anthu aja sakangana mokweza, amangomwetulirana mpaka nyumba yonse kuzizira. Emi anandipeza kukhitchini misozi ili lengelenge. Akuti, "Agogo, ndikapatsa Papa, Mama akhumudwa. Ndikapatsa Mama, Papa akhumudwa. Dzino ndi limodzi. Sungani inu, mawa mundiuze kopita nalo." Ndinalimanga pamfundo ya chitenje, n'kugona nalo, mutu ukuwira.

Ndiye m'malotomo kunja kuli ngwee, dzuwa lili pamutu, ine ndaima pakhomo la nyumba yaikulu. Masilipasi a a Fumiko, aja amakhala pamzere pakhomo ngati asilikali, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Vulani nsapato, agogo."

Ndikuti, "Ndavula kale, simukuona?"

Akuti, "Vulaninso."

"Ndivule chiyani tsopano, mapazi?"

Akuti, "Mapazi asiyeni pambalipo, muwapeza pobwera."

Ndiye ndinawasiyadi, n'kuwachenjeza kuti asayendeyende, kuli agalu. Mwadzidzidzi mfundo ya chitenje inayamba kuphiriphitha, kamawu kakang'ono kakuti, "Agogo, mwandimanga kwambiri, sindikupuma." Kumasula chonchi, ndi dzino lija, lavala kachipewa, lanyamula kachikwama.

Ndikuti, "Ukupita kuti wekha iwe, wosadziwa n'komwe kuwoloka msewu?"

Likuti, "Ku ofesi ya mano. Ndilibe mapepala. Akandiuze kwathu."

Ndiye m'khitchini muja mpoto wamagetsi wophikira mpunga, uja umaimba kanyimbo mpunga ukapsa, unatupa, unatupa, mpaka kusanduka minibasi. Makondakitala anali timitengo tiwiri timene a Fumiko amadyera mpunga, tikumenya chitseko, "Swideni, Japani! Swideni, Japani! Kudzera pa Tsangano! Malo alipo, mayi, anayi anayi!" Kulowa m'kati, okwera onse ndi njere za mpunga, zathithikana, iliyonse ikundiweramira. Ndikuti, "Dalaivala, pang'onopang'ono, ndanyamula dzino la mwana wa eni ake." Dalaivala kulibe. Chiwongolero chikudziyendetsa chokha chikuimba kanyimbo kaja. Ndinatseka maso n'kuyamba kutchula mayina a zidzukulu zanga zonse zisanu ndi ziwiri, kuti Mulungu adziwe amene ndikuwasiya.

Mwadzidzidzi chivindikiro chinatseguka, nthunzi fuu, tatsika. Dziko lonse mbuu ngati wina wakhutula matumba a ufa kuchigayo. Kuzizira kwake, a Namaseko, kwa pa Dedza m'mwezi wa Juni ndi masewera. Ndiye ndikuona chiyani? Tizikuku ta ana tili ndondondo panja, m'kati makanda akugona, makolo ali m'nyumba akumwa khofi. Paja a Henriki anandiuzapo kuti kwawo amatero, ine ndinkayesa nthabwala. Ndinathamanga, wopanda mapazi momwemo, kutola makanda aja kubereka. Mmodzi, awiri, mpaka asanu ndi mmodzi kumsana kwanga kuno, chitenje chikungotalika. Kakhanda kamodzi kanandikodola paphewa n'kunena ndi mawu a mdala, "Amayi, tibwezeni. Tinali pa tulo tabwino."

"Mudwala chibayo!"

"Chibayo chimatiopa ife. Inu ndi amene mukunjenjemera."

Ndinawabweza, koma aliyense ndinamufunditsa duku, chifukwa m'mutu mwanga maduku amangomera ena ndikachotsa.

Ndiye pakati pa ufa wozizira uja, umene amati chipale chofewa, panali tebulo, patebulo chidindo, kuseri kwake bwana wamtali wa suti yotuwa. Akuti, "Dzina la dzino?"

Ndikuti, "Ndi la Emi."

"Lakhala m'kamwa zaka zingati? Limatafuna chiyani? Limalankhula chinenero chanji?"

Dzino linayankha lokha m'Chiswidishi, bwinobwino, mpaka bwana uja kugwedeza mutu. Akugwedeza choncho, makutu anayamba kutalika, mphuno kulendewera, pamutu kumera nyanga zanthambinthambi ngati mtengo wa mbawa. Anasanduka chimphalapala cha kwawoko, chija chili m'buku la zithunzi la Emi. Tayi yokha ndiyo inatsala. Chinaloza ndi chiboda, ndiye ndikuona tambula yaikulu ngati thanki, m'kati mano a ana akusambira ngati matemba, ena chagada.

"Kuno mano amalowa m'madzi," chinatero chimphalapala. "Lumpha."

Dzino linavula kachipewa, linapinda maondo. Koma linacheuka, ine n'kucheukanso. Kutali uko a Fumiko aima pachipale, manja apinda kutsogolo, akumwetulira kumwetulira kuja kozizira. Dzino likuti, "Agogo, Mama akuona."

Ndikuti, "Bwana, nkhaniyi ndi yovuta."

Chimphalapala chikuti, "Ngati ndi yovuta, tiyambe tamwa khofi." Ndendende a Henriki! Madzi akasiya, khofi. Galimoto ikafa, khofi. Ndiye chinandipatsa kapu, ine n'kusuzumiramo kuti ndione ngati mulibe ntchentche, paja zapaulendo sumangomwa. Kusuzumira kuja, mwadzidzidzi ndaterereka, chamutu m'kapumo, phava!

Ndinamira, ndinamira, dzino ndalifumbata. Kuvuuka, ndili m'dziwe la madzi otentha, nthunzi tolotolo, uku ndi uku nyumba za madenga osanjikizana, denga pamwamba pa denga, ngati mbale zotsuka. M'mphepete mwaima bwana wina wamfupi, yunifolomu yosita, magolovesi oyera. Anandiweramira. Ine n'kuwerama. Iye n'kuwerama kupitirira. Ine, poopa mwano, n'kuweramanso. Tinapitiriza mpaka msana wanga unati thwee, n'kulankhula: "Nagama, ine sindinabwerere zimenezi."

Bwana uja anafunsa mafunso omwe aja, dzino n'kuyankha m'Chijapani, mwaulemu, mawu otsika ngati a a Fumiko. Iye kukondwa, nkhope inafiira, inafiira, ubweya n'kutuluka m'makolala, mpaka anasanduka nyani wa nkhope yofiira. Analowa m'dziwe muja magolovesi ali m'manja, kathaulo pamutu.

Akuti, "Lam'munsi limapita padenga. Imani mowongoka, miyendo pamodzi, muponye molunjika. Mukakhotetsa dzanja, latsopano limera lokhota, mwana azidzaluma khutu lake lomwe."

Amayi, mtima wanga unali komweko, ndisaname. Paja nafenso kwathu timaponya padenga, timvekere khwangwala tenga lako loipa undipatse labwino. Ndinakweza dzanja. Koma dzino linandiluma chala. "Agogo, taonani uko." Kuyang'ana, a Henriki aima kuseri kwa nthunzi, munthu wamtali ngati uja wafupika ngati mwana wa sitandade wani, tambula ya madzi ili m'manja.

Ndinatsitsa dzanja. Ndikuti basi, njira ndi imodzi, tiligawe pakati. Ndiye nkhwangwa yanga ya kumudzi inatulukira ikuyenda yokha, chitsulo kutsogolo. Ndinaika dzino pamwala. Nkhwangwa inaliyang'ana n'kunena, "Ine ndimawaza nkhuni, amayi. Izi kafunseni ena."

Dzino nalo likukuwa, "Mukandidula pakati limera latheka! Emi adzakukuta bwanji chimanga chootcha?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Mwadzidzidzi mwala umene ndakhalira ndi benchi, ndipo tili kuseri kwa nyumba ya a Henriki ndi a Fumiko konkuno ku Lilongwe, pansi pa mtengo wa mapeyala, pasanduka khoti. Woweruza wavala mkanjo wakuda ndi kolala yoyera, magalasi pamphuno. Anatsokomola kamodzi, kawiri, kachitatu kunatuluka "khwaa!" Ndi khwangwala. Ndinaphimba msanga pakamwa pa Emi, amene anangopezeka ali pambali panga, ndikuti, "Tseka, asaone gweru lako, mbalame iyi siyodalirika."

Khwangwala akuti, "Mlandu wa dzino. Oyamba alankhule."

Chimphalapala chinaimirira, nyanga n'kugwetsa mapeyala anayi, chinalankhula Chiswidishi. Nyani anaimirira, madzi akudontha, analankhula Chijapani. Wina samva za mnzake. Ndiye onse anatembenukira kwa Emi. Mwana anaima pakati. Atembenukire kumanja amasulire, atembenukire kumanzere amasulire. Chimphalapala chiwonjezere, nyani ayankhe, mwana atembenuke. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mpaka kamutu kanayamba kuzungulira ngati fani ya pabalaza, tsitsi lili petupetu, mawu akugwa pansi ngati mtedza, nkhuku zikutola. Nkhuku ina inameza liwu la Chijapani n'kuyamba kuweramira tambala.

Apo ndiye mantha anandithera. Ine amene ndimaopa ngakhale mlonda wa pabanki, ndinakuwa m'khoti, "Basi! Mumuthyola khosi mwana! Zaka zisanu, mukumusenzetsa mlandu wa mayiko awiri? Akuluakulu inu mulibe manyazi?"

Zii. Ngakhale mapeyala anaima m'malere osagwa. Ndinagwira kamutu kaja ndi manja awiri mpaka kanakhazikika.

Khwangwala anavula magalasi. "Ndiye gamulani inu, mayi wolongolola. Koma mukumbukire kuti kwanu mano ndimatenga ndine."

"Iwe dikira, suli pamzere."

Kunena ndinanena, koma chogamula ndinalibe. Emi akundiyang'ana, dzino likundiyang'ana, chimphalapala chayamba kale kufunafuna ketulo. Ndiye m'katikati mwa chete muja ndinamva kunong'ona. Tambula, yabwerera msinkhu wake, yakhala pawindo la kukhitchini, ikulankhula ndi denga.

Ikuti, "Achimwene, kumwambako kumaoneka bwanji? Ine chibadwire sindinakwereko. Ndimangoonera pawindo."

Denga likuti, "Kuno n'kokongola, chemwali, koma ludzu. Mvula inapita kalekale, malata anga akuchita kulira."

"Ine madzi ndili nawo, ongokhala."

"Ndiye bwanji osabwera?"

Ndinalowerera. "Inu awiri, kodi simudana?"

Anaseka onse, denga mpaka misomali kugwedera. "Tidane chifukwa chiyani? Alipo anatifunsa?"

Amayi anzanga, m'mutu mwanga munangoti ngwee. Ndikuti, "Khoti limve. Dzino lilowe m'tambula. Tambula ikwere padenga. Lili m'madzi, lilinso kumwamba. Wadandaula ndani?"

Chimphalapala chinayang'ana nyani, nyani anayang'ana chimphalapala. Emi anafuna kumasulira, ine ndikuti, "Khala pansi iwe, amva okha." Ndipo anamvadi. Chimphalapala chinamenya chidindo pamsana pa nyani, nyani n'kuwerama, mapeyala n'kugwa onse pamodzi.

Koma khwangwala akuti, "Chabwino. Akweze ndani? Madzi akatayika ngakhale dontho, mlandu uyambiranso."

Mwadzidzidzi makwerero anamera pansi ngati nsungwi, n'kutsamira khoma. Chimphalapala chinayamba ndicho. Chiboda pa tambula sichigwira, nyanga zinakola chingwe choyanikira, chinatsika chitavala malaya amkati a a Henriki kunyanga. Nyani anati kukwera ndi ntchito yake. Anakweradi, koma pa sitepe iliyonse ayenera kuweramira makwerero kupepesa kuti akuwaponda, ndiye akawerama madzi apendekeke, ine kukuwa. Anatsika. A Henriki ndi a Fumiko anayesa nawo. Makwerero akufuna manja awiri, tambula ikufuna dzanja limodzi, munthu ali ndi awiri okha. Anaima akuwerenga manja awo, anthu ophunzira ngati aja.

Ndiye onse anatembenukira kwa ine.

Ndikuti, "Ayi. Ine sindikwera ngakhale pampando kukapachika katani. Msuweni wanga anagwa pankhokwe, mpaka lero amayenda chammbali ngati nkhanu."

Tambula ikuti, "Agogo, munayamba kusenza madzi muli ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Kuchokera kudambo kukwera chitunda chija, munatayapo?"

"Iwe, usandinyoze. Ndowa yodzadza, mwana kumsana, dontho osagwa."

"Nanga ine ndine ndowa?"

Emi anandigwira chitenje. Anangondisekerera ndi kagweru kake. Mapazi anga aja anabwera okha akuthamanga kuchokera pakhomo, galu ali pambuyo, n'kudzilumikiza. Ndinapota nkhata ndi duku, dzino linadumphira m'madzi chubwi, tambula pamutu, manja onse awiri pa makwerero.

Sitepe yoyamba, bondo lakumanja likuti, "Tibwerere." Yachiwiri, lakumanzere likuti, "Ndagwirizana ndi mnzangayu." Ndikuti, "Khalani chete, mukadandaulire kunyumba." Pansi Emi akuwerenga, sitepe ina m'chinenero cha bambo, ina m'cha mayi, ina m'changa, ndipo makwerero akungotalika kuti amve zambiri. Ndinadutsa nsonga ya mtengo wa mapeyala. Ndinadutsa nthambo za magetsi, n'kuzichenjeza kuti zisandiyandikire. Ndinadutsa ndege, anthu m'kati akundibayibitsa, ine ndikuti, "Tsekani mawindo, mugwa!" Khosi lili nji, m'tambula dzino likuimba.

Mphepo inawomba, makwerero anagwedezeka. Ndinasuzumira pansi ndi diso limodzi. A Henriki agwira mwendo uwu, a Fumiko agwira mwendo uwo, mapewa agundana, nkhope zili m'mwamba, kumwetulira kozizira kuja kulibe. Ndipo onse awiri pamodzi akukuwa, m'Chichewa, amayi, Chichewa cha ku Ntcheu chenicheni, "Pang'onopang'ono, agogo! Mugwatu! Ife tanena!"

Ndinaseka mpaka pang'ono kutaya madzi.

Ndiye ndinafika. Ndinatula tambula padenga bwinobwino, osatayika olo dontho. Denga linapuma, "aaa." Kuyang'ana uku ndi uku, Swideni ali apo, Japani ali apo, Ntcheu ili apo, zayandikana ngati nkhokwe za pakhomo limodzi, mkazi wina wa kwathu akubwereka moto ku Japani. Khwangwala anatera pambali, wavula mkanjo, akuti, "Ine gawo langa?" Ndikuti, "Imwa madzi pang'ono, koma ukatipatse labwino, lolunjika, losabowoka." Anamwa. Pansi paja Emi anayasamula, dzino latsopano likumera ngati chimanga cha mvula yoyamba, loyera mbee, anthu akuwomba m'manja, chimphalapala chikuvina ndi nyani, nkhuku ikuweramira aliyense.

Mwadzidzidzi tambula inayamba kutsokomola. Kho! Kho! Fwee! Ndikuti, "Ndinanena ine, mphepo ya kumwamba kuno si yabwino, wadwala tsopano." Kho! Kho! Fwoo!

Kutsegula maso, ndi mpopi wa panja pa kanyumba kanga, madzi akubwera atasowa masiku awiri, ukulavula mpweya.

Ndinapapasa mfundo, dzino lilipo. Mmawa uno Emi wandifunsa tikumanga nsapato, ndamuuza kuti akaweruka aona, ndipo asauze munthu. Denga la khonde lakuseri ndi lathyathyathya, ndaliyang'ana kale. Za kandalama kaja, amene amakaika adzakwera yekha, ndidzamuchenjeza ndipo sadzamva.

Tsono Namaseko, abwana ako ali ndi makwerero achitsulo aja. Usandibweretsere amatabwa, ali ndi chiswe. Nachisale, iwe ubwere udzaime pafupi, foni usiye kunyumba. Ogwira makwerero alipo kale awiri, sakudziwa chabe. Ndipo wina asadzandilankhulitse ndili pamwamba.